Nyale ya Nachisale

Kalekale, koma osati kale kwenikweni poti mababu a LED anali atafika m'magolosale, kunali mayi wina wamasiye dzina lake Nachisale. Anali telala, ndipo ana ake atatu anawalera ndi makina osokera. Chipinda chake chinali chamdima ngakhale masana, moti ankasoka atayatsa babu la sola.

Tsiku lina anadandaula: "Ananu, nyaleyi ikuzilala. Ulusi ukukana kulowa m'singano."

Lonjezo, woyamba kubadwa, anali wamagetsi. Anayeza batire, anasintha babu, anapeza waya wodyedwa ndi makoswe n'kulumikiza bwinobwino. Mayi anati mdima udakalipo. Lonjezo anagula babu lokulirapo, kenako lina, mpaka aliyense wolowamo ankathobwa m'maso. Munthu wa Mulunguyu anatha miyezi akuyang'ana kudenga, osayang'anako nkhope ya mayi ake.

Tiyanjane, wamkazi, anaona msanga kuti nyale ilibe vuto, koma anaopa kuwaswa mtima mayi ake. M'mawa uliwonse ankakwera pampando, n'kugwiragwira babu, kenako n'kulowetsa ulusi m'singano mobisa. "Ndakonza amayi, tayesani." Mayi ankasoka akuimba, ndipo zokhota zonse mwanayo ankazimasula n'kusokanso kuseri.

Chikumbutso, mzime, atabwera kuchokera ku Kasungu anangolowa n'kudziphimba kumaso. "Amayi, nyaleyi ikuwala ngati dzuwa. Akuzilala ndi maso anu." Tsiku lomwelo anapita nawo kuchipatala. Adokotala anati achedwa. Diso limodzi linali litafa, linalo analipulumutsa pang'ono, longokwanira kuzindikira nkhope za ana. Atabwerako, Nachisale anavundikira makina ndi chitenje, ndipo nyimbo zinatha m'nyumbamo. Zinali zomvetsa chisoni, abale.

Atadwala matenda ake omaliza anaitana onse atatu nati: "Makina anga atenge amene anandikonzera nyale ija." Dzina sanatchule.

Maliro anatha, koma makina akadali pakona mpaka lero, palibe akuwakhudza. Lonjezo akuti, "Ine ndinakonza waya, mdima ndinausiya pomwepo." Tiyanjane akulira kuti bodza lake linapha diso la amayi. Chikumbutso akuti pakamwa pake ndi pamene panapha nyimbo zawo.

Inu amene mwamvanu, tatiuzani: nyale ya Nachisale anaikonza ndani?