Yotamu Kamtedza, Amene Adabwereketsa Dzina

Kalekale, msewu wa tala usanadutse kuseri kwa phiri uko, m'mudzi mwathu muno mudali munthu wina dzina lake Yotamu Kamtedza. Ndi agogo anga amenewo, bambo wa mayi anga, ndipo nonsenu mwakhala apa muli ndi magazi ake. Koma lero mundikhululukire, ndizimutchula dzina lokhalokha ngati mnzanga wosewera naye, chifukwa ndikafika pa nkhani iyi ulemu umandithera. Inu kumbuyoko, mafoniwo alowe m'thumba.

Yotamu adali chimunthu, chifuwa chotakata, thumba la chimanga kunyamula yekha osapempha womusenzetsa. Adalinso wamakani. Akati ayi ndi ayi, olo mumugwadire. Adali ndi mng'ono wake Gelesomu, wowonda, wansangala, koma wa chifuwa chosamva mankhwala. Kukangozizira pang'ono, Gelesomu ankatsokomola mpaka misozi. Onse awiri adakwatira chikamwini, Yotamu muno, Gelesomu kutsidya kwa mtsinje, kwa mtsikana wina dzina lake Elube.

Masiku amenewo mwamuna ankawerengedwa mwamuna akapita ku Joni, kumigodi. Kuboma kudali depoti, chinyumba chachitali cha malata, kumene kampani yolemba anthu inkasonkhanitsira amuna. Ukafika uvule malaya, ukwere pasikelo, dokotala akugogode pachifuwa. Ukapambana udinde chala papepala, kuvomera kuti kwa zaka ziwiri thupi lako ndi lawo. Ena ankabwerako ndi njinga, jekete ndi nsalu za akazi awo. Ena sankabwerako n'komwe, ndiwo tinkawatcha matchona.

Gelesomu adapita kudepoti kawiri, ndipo kawiri konse dokotala adangomumvera pachifuwa n'kumubweza. Mayi awo adathokoza Mulungu, kenako adaitana Yotamu pambali.

"Yotamu, wamkulu ndiwe. Mng'ono wakoyu fumbi la kumgodi likamupha. Usadzamulole."

"Ndamva, amayi."

Adamva? Muone kumva kwake.

Sipadapite mwezi, Gelesomu adamupeza mkulu wake kudimba.

"Achimwene, kwa apongozi kuja ndikukhala ngati mbuzi yobwereka. Akamwini anzanga onse adaveka akazi awo nsalu za ku Joni. Elube sadandaula, koma ine ndikulephera kumuyang'ana m'maso. Mukapimitse ndinu m'malo mwanga. Pepala likatuluka mundipatse. Pokwera lole sayang'ana nkhope, amangoitana maina."

Yotamu adakana tsiku loyamba, adakana lachiwiri, lachitatu adavomera. Apa sindimunena kwambiri. Mng'ono wako akakulirira, mtima umafewa, ndani sadziwa? Yotamu adakakwera sikelo, dokotala adamugogoda n'kumwetulira, chala adadinda. Tsiku la ulendo kalaliki adaitana kuti, "Yotamu Kamtedza," ndipo Gelesomu adayankha kuti, "Ndilipo," n'kukwera lole. Kutsogoloko adawadutsa bwanji madokotala ena, musandifunse, sindidziwa. Kumudzi Yotamu adauza anthu kuti Gelesomu wapita wapansi ku Halale kukafuna ntchito yopepuka ya m'sitolo. Ngakhale Elube adauzidwa zomwezo, ndipo kalata Gelesomu sankalemba, poopa kuti sitampa ya ku Joni ingawaulule.

Chaka chidatha, ndi miyezi ina pamwamba. Tsiku lina m'mawa mesenjala wa kuboma adatulukira panjinga n'kupeza Yotamu ali yekha kudimba, akuthirira mpiru.

"Bambo, kwawo kwa Yotamu Kamtedza ndi kuti? Ndabwera ndi uthenga wa maliro. Adamwalira m'chipatala cha kumgodi, chifuwa, ndipo adamuika komweko. Katundu wake ali kuboma, abale akatenge."

Yotamu ndowa idamupulumuka m'manja. Adadziwa pomwepo kuti wafayo ndi Gelesomu. Mawu a mayi ake aja adamubwerera. Adaganizanso za ndende, poti kunamiza kampani ndi boma la atsamunda sikudali kusewera. Ndiye mukudziwa chimene adayankha?

"Yotamu Kamtedza ndine. Ndikuoneka wakufa? Pepala ndidatenga, inde, koma lidabedwa pamsika. Wafayo ndi mbala ina, ife sitikumudziwa."

Mng'ono wake wa bere limodzi, kumutcha mbala! Mesenjala adamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, adapepesa, n'kutembenuza njinga. Yotamu adakhala pansi pakati pa mpiru n'kulira mpaka dzuwa lidafika pamutu. Kenako adasamba kumaso, n'kubwerera kunyumba ngati palibe chachitika. Mumtima adati, ndinena tikakolola. Atakolola adati, amayi akudwala, ndinena akachira. Atachira adati, ndinena mvula ikagwa. Ndipo mvula idagwa, idagwanso, idagwanso, iye kukamwa kuli tsekee.

Tsono mvetsani chimene chidali pachiswe. Kwathu kuno mwamuna akamwalira, mkazi amalira, amametedwa, kenako akuchimuna amabwera kudzamusudzula, kumuuza pamaso pa anthu kuti wamasuka, akhoza kukwatiwanso. Popanda maliro palibe kumeta, popanda kumeta palibe kusudzula. Elube adali ndi zaka makumi awiri, adalibe mwana, ndipo moyo wake wonse udali m'kamwa mwa Yotamu.

Patatha zaka zisanu kudabwera kalipentala wina, Lameki, munthu wofatsa, wosamwa, kudzafunsira Elube. Atsibweni ake a Elube adawoloka mtsinje kudzaonana ndi Yotamu.

"Tiuzeni chimodzi, bambo. Ngati mng'ono wanu adafa, tilire, mwana wathu amasuke. Ngati ali moyo, iye akuti adikira."

Mwaona khomo limenelo? Lotseguka chotere, ngakhale ng'ombe ikanadutsa. Akanangoti, "Ndamva kuti adafa," basi. Koma Yotamu adaona kuti akatero mayi ake afunsa kuti adafera kuti, wakuuza ndani, manda ake ali pati. Ndiye adakhosomola n'kuti:

"Ali moyo. Wina adamuona ku Bulawayo akusoka nsapato. Akuti akusonkhanitsa katundu kuti abwere."

Elube atamva adavina pabwalo, adazira nyumba, n'kubweza Lameki. Lameki adakakwatira kwina ndipo adabereka ana asanu ndi awiri. Patapita zaka kudabweranso wina wofunsira, ndipo Gelesomu adaonekanso, ulendo uno ku Ndola akugulitsa nsomba. Munthu ali m'manda ku Joni, koma m'kamwa mwa mkulu wake ankayenda maiko kuposa sitima.

Pofuna kuziziritsa mtima wake, Yotamu adasanduka kapolo wa Elube. Denga likadontha, iye wafika ndi udzu. Nthawi yolima, munda wa Elube woyamba, wake pambuyo. Nkhokwe kuluka iye, chimbudzi kukumba iye. Anthu kumamuyamikira kuti mlamu ngati ameneyu sapezeka. Zimandinyansa ine kumva zimenezo. Kodi denga limacheza nawe? Kodi nkhokwe imakuitana kuti amayi?

Mayi awo adamwalira akuyang'anabe kunjira. Atsamunda adapita, za ndende zidatha, depoti idatsekedwa n'kukhala nyumba ya mileme. Tsono ankaopanso chiyani? Manyazi basi. Chaka chilichonse chimene adakhala chete chinkapangitsa kuti chaka chotsatira kunena kuvutirepo. Munthu wamakani uja adayamba kuchita makani ndi choonadi chimene ankachidziwa yekha.

Zaka makumi anayi zidatha choncho. Kenako kudamveka kuti depoti ija aikonza, aipaka laimu, aisandutsa malo okumbukira amuna amene adapita kumigodi. Mpingo udakonza lole yoti anthu akaone. Elube, tsopano mutu uli mbuu ndi imvi, adawoloka mtsinje ndi ndodo yake.

"Alamu, akuti mabuku akale onse ali kumeneko. Mwina mng'ono wanu adakalowa kumgodi ali konko. Mundiperekeze, tikafunse."

"Mawondo, alamu. Sindingayende," adatero Yotamu.

"Lole ilipo."

Yotamu adakhala n'kuwerengera. Dzina la Gelesomu silili m'buku lililonse la kampani, adaganiza choncho, ndiye akafunsa, akauzidwa kuti palibe, tibwerera. Adavomera. Nzeru zonse zija, zaka makumi anayi akuluka bodza osaphonya ulusi, adaiwala chinthu chimodzi chokha: dzina lake lomwe.

Mayi anga adali palole imeneyo, ndiwo adandiuza zonsezi. Atafika adapeza chinyumba chija chayera, sikelo ija ili pomwepo, m'makoma muli zithunzi za amuna ali pamzere opanda malaya. Mayi wina woonetsa alendo ankawatsogolera n'kumafotokoza. Yotamu ataona sikelo, pakamwa padamasuka pokha.

"Ayi, mwana wanga, dokotala sankaima apo. Ankaima pazenera apa. Malaya tinkavulira panja."

Elube adamuyang'ana. "Alamu, inu mudalowamo liti muno?"

"Ndidangomva kwa anzanga."

Kumapeto kwa chinyumbacho kudali khoma la mwala wakuda, lozokotedwa maina a amene adafera kumigodi, boma ndi boma. Elube sankadziwa kuwerenga. Adagwira mayi uja pamkono n'kumupempha kuti amufunire Gelesomu Kamtedza. Mayi uja adatsitsa chala pamzere.

"Gelesomu palibe, agogo. Kamtedza alipo mmodzi yekha, Yotamu Kamtedza."

Anthu a mpingo adafa nacho chiseko. Wina adamugwira Yotamu paphewa n'kumufunsa kuti, "Madala, mudamwalira osatiuza?" Yotamu adayesa kuseka nawo, koma milomo idakana. Elube sadaseke. Adapempha kuti atsegule buku. Mayi uja adatsegula n'kuwerenga mudzi, udali uno. Adawerenga chaka, chidali chotsatira chimene Gelesomu adachoka. Adawerenga matenda.

"Bwerezani apo," adatero Elube.

"Chifuwa, agogo."

Chiseko chija chidazima. Elube adatembenuka.

"Alamu, inu chifuwa mudadwalapo liti?"

Ndipo kodi mukuganiza kuti adagonja? Aa, Yotamu. Pomwepo, dzina lake lili pamwala, adatsegula pakamwa n'kuti, "Makalaliki akale ankalakwitsa."

"Ndiyang'aneni, alamu. Olembedwa apawa ndi akufa. Inu muli chiimire. Nanga adafa ndani?"

Apa mawondo aja adadwaladi. Yotamu adakhala pansi pasimenti n'kunena zonse, za pepala, za lole, za mesenjala, za Bulawayo ndi Ndola. Elube sadakuwe, sadamutukwane. Adamvetsera mpaka kumapeto.

"Mukanandiuza tsiku lomwelo, ndikanalira chaka chimodzi n'kuleka," adatero.

"Ndinkaopa, alamu."

"Inu munkaopa. Ine ndinkasesa pakhomo kudikira munthu."

Adapempha mayi uja kuti amuike chala padzinalo, ndipo adalisisita kanthawi. Kenako adati alifufute, alembepo Gelesomu. Mayi uja misozi ili m'maso adapepesa, adati iwo amalemba zimene zili m'buku, ndipo mwala wozokota sufufutika.

Sabata yomweyo kutsidya kudachitika maliro opanda mtembo. Elube adalira mwamuna wake ngati wafa dzulo, ndipo adamumeta imvi zake zonse. Itafika nthawi yosudzula, akuchimuna adali atatha kufa, wotsala adali Yotamu yekha. Adayesa kutuma mayi anga, koma abale a Elube adakana, adati mawuwo atuluke m'kamwa momwemo. Yotamu adaimirira pamaso pa anthu n'kuti:

"Alamu, mng'ono wanga adamwalira. Ife akuchimuna takumasulani. Mukhoza kukwatiwa."

Elube, wa zaka makumi asanu ndi limodzi, mutu uli mbee, adadzutsa nkhope.

"Ndi yani, alamu?"



N'chifukwa chake kubanja kwathu kuno uthenga wa maliro sugonera. Ukakupeza kumunda, khasu lisiye pomwepo, pita ukanene, olo mlandu ukhale wako. N'chifukwa chakenso dzina sitibwereketsa, kaya ndi chitupa, kaya ndi pepala la ntchito, ngakhale akulirire ndi mng'ono wako. Ndipo inu amene mukuti mupita kukaona depoti ija Loweruka, musakangoima pakhomapo kujambulitsa mano ali panja. Mukapeze pamene alemba Yotamu Kamtedza, muikepo dzanja, munene mokweza kuti Gelesomu, mwamuna wa Elube. Ife tonse timatero, chifukwa kwina kulikonse dzina lake silidalembedwe.