Golovesi Imene Eladio Anataya mu Bini

Kwathu ku Nizao, Febuluwale ndi mwezi wa masutikesi. Nyumba iliyonse imene inabala mwana wodziwa mpira wa bezibo, uja womenya ndi ndodo n'kuwakha ndi golovesi, imanunkha mafuta opaka golovesi, ndipo amayi amakhala pakalapakala kusita malaya ndi kulongedza khofi wa kuno, poti wa ku Florida, kumene osewerawo amapita, amati ndi madzi otsukira makapu. Kwa Eladio Cuevas mwambowu unali utachitika zaka zoposa khumi. Mkazi wake Yudelka ankalongedza, iye ali pakhonde kusisita golovesi yake yaing'ono ngati akusisita khanda.

Golovesi imeneyi Yudelka ankaitcha mkazi mnzake, ndipo akamapukuta fumbi ankailambalala. Osewera bezibo angabwerekane nsapato, ndodo, ngakhale mswachi zitavuta, koma dzanja la munthu wina sililowa m'golovesi ya mnzake. Chikopacho chimaphunzira dzanja limodzi basi. Eladio ankaulemekeza mwambowu kuposa wina aliyense, moti mnzake Plinio, amene anakulira naye limodzi ndipo ankasewera naye timu imodzi, atangoyerekeza kuikhudza tsiku lina, anatukwanidwa mpaka makolo ake.

"Maondo ajawo mwawauza kuti akupita nawo?" anafunsa Yudelka akutseka sutikesi.

"Maondo anga alibe pakamwa, mayi."

"Ndiye amene amalira mukamadzuka pampando aja ndi ayani? A mpandowo?"

Eladio anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa pamwamba. Malo ake pabwalo anali a pakati pa besi yachiwiri ndi yachitatu mwa zizindikiro zija zimene othamanga amaponda pozungulira bwalo, amene kuno timati siore. Mpira umafika pamenepo waukali, ndipo munthu wa miyendo yolemera sagonerapo. Eladio ankawakonda malowo monga mlimi akondera munda umene anaswa yekha mphanje. Mukanamufunsa kuti kwanu n'kuti, pakamwa pakanati Nizao, koma mtima ukanaloza kadothi kofiira kameneko.

Chaka chimenecho atafika ku Florida, kumene matimu amakonzekerera ligi isanayambe, anapeza kuti kadothi kaja kali ndi mlendo. Anali Keiber Arocha wa ku Venezuela, wothamanga ngati wathawa njuchi, waulemu mpaka kukwiyitsa. Akuluakulu a timu analengeza kuti pa siore palibe mwini, awiriwo alimbirane. Lero ankasewera uyu, mawa uyo. Tsiku lina mpira unadutsa Eladio kumanzere, mpira umene kale akanaugwira akuyasamula.

M'mawa wina atatsegula kabati yake m'chipinda chovalira, anapeza golovesi yachilendo. Inali yaikulu ngati lichero, yakuda ndi mafuta, zingwe zake zolumikizalumikiza. Inali ya pa besi yoyamba. Tsono pa besi yoyamba m'pamene timu imaika madala ndi anthu a mimba, kuti azingoima n'kumadikira mpira woponyedwa ndi anzawo. Sitinena mokweza, koma tonse timadziwa.

Plinio, amene kabati yake inali yoyandikana, anaona nkhope ya mnzakeyo ikusintha.

"Achimwene, pumani kaye," anatero. "Chitseko cha a kochi Talley ndi icho. Pitani mukafunse."

"Ndikafunse chiyani? Anthu akakuikira bokosi la maliro pakhomo, umakafunsa kuti ndi la yani?"

"Ndiye kalowenitu, mutseke chitseko, mukawatukwane mpaka mawu aphwe. Koma zithere momwemo. Za m'chipinda chino sizituluka, inu ndi amene munandiphunzitsa zimenezo."

"Ukalamba wakulowa m'mutu iwe. Taona, ngakhale yatsopano yawakanika kugula. Chakale apatse wakale, eti?"

Orrin Talley, kochi wamkulu wa timuyo, anali munthu wouma pakamwa. Ankatha tsiku lonse akubudula nthanga za mpendadzuwa, mawu ake osadzaza chikho. Kwa Eladio kusalankhulako kunasanduka umboni wa chiwembu. Ndipo tsoka sasimba, nthawi yomweyo chitseko chachikulu chinatseguka, atolankhani n'kulowa monga amachitira m'mawa uliwonse. Eladio sanadikire kufunsidwa. Anawakodola yekha, n'kukweza golovesi ija m'mwamba kuti aliyense aione.

"Mwaiona iyi? Ndi mmene timu ino imathokozera munthu," anatero. "Akuti tikulimbirana malo, pamene anagamula kalekale. Akuluakulu a timu ino ndi abodza, ndipo kochi wawo ndi wamantha. Sangandiyang'ane m'maso, amatuma chikopa chowola kuti chimulankhulire. Ine ndine wa pa siore. Ichi malo ake ndi awa."

Anaponya golovesiyo mu bini, pamwamba pa makoko a nthochi ndi mabandeji otha ntchito. Mafoni onse anali m'mwamba kujambula.

Talley, amene anamva zonse ali pakhomo pa ofesi yake, anayenda pang'onopang'ono mpaka pa bini paja. Anawerama, n'kutulutsa golovesi, n'kuipukuta ndi malaya ake. Kenako analowetsamo dzanja. Chikopa chija chinakumbatira dzanjalo mwa chizolowezi, chala chilichonse m'malo mwake, ndipo panalibe wosewera m'chipindamo amene sanamvetse zimene anaona. Talley sanayang'ane munthu, anabwerera mu ofesi golovesi ili kudzanja.

Chitseko chimene akanagogoda m'mawa, Eladio anachigogoda madzulo. Anapeza mkuluyo akupaka mafuta golovesi ija.

"Bwana, sindinadziwe kuti ndi yanu."

"Sunafunse," anayankha Talley. "Nane sindinanene, pamenepo ndinalakwa. Ndinkaganiza kuti munthu ngati iwe akaona golovesi yakale chonchi adziwa kuti siichokera kusitolo. Ndinasewera nayo moyo wanga wonse, ndipo palibe dzanja lina linalowamo. Ana anga omwe sanailawe."

"Nanga bwanji munandipatsa ine?"

"Akuluakulu ankafuna ndikuchotse chaka chisanayambe. Siore ndi wa mnyamata uja, zimenezo maondo ako akuuza kale. Ine ndinawapempha kuti andisiyire iwe, ndikuphunzitse ndekha besi yoyamba, ukhale nafe zaka zina zingapo. Anavomera monyinyirika."

Eladio anapepesa, ndipo kunali kupepesa kochokera pansi pa mtima. Talley anagwedeza mutu.

"Kwa ine zatha, mwana wanga. Koma amene unawatcha abodza si ine, ndipo iwo makutu awo ndi aatali."

Timu isananyamuke ku Florida kukayamba ligi, Eladio anauzidwa kuti ntchito yatha. Keiber anabwera kudzamugwira chanza maso ali pansi, n'kumuthokoza pa zimene anaphunzira pomuonerera. Eladio akanakonda mnyamatayo akanakhala wamwano, bwenzi ali ndi womuda.

Poyamba sanade nkhawa kwenikweni. Matimu ndi ambiri, ndipo mkono anali nawobe. Womuimira pa nkhani za ntchito anaimba mafoni uku ndi uku, koma kulikonse anapeza kuti kanema uja wafika kale, wakhala pampando, wamwa ndi madzi. Zodabwitsa zonse zimene Eladio anachita pa siore kwa zaka zoposa khumi panalibe wozikumbuka. Anthu ankangodziwa bambo wokwiya amene waimirira pafupi ndi bini. Mkulu wa timu ina ya ku Mexico anachita kuseka pafoni. "Munthuyo timamudziwa, ndi katswiri," anatero, "koma kuno mabini athu ndi aang'ono."

Kuno kwathunso sitinamusiye, poti ife a ku Nizao chifundo chathu chimabwera titamaliza kuseka. Akamadutsa pagolosale pamene madoda amamenya madomino, wina ankafuula kuti, "Bisani zipewa, a Cuevas akubwera, angatitayire." Eladio ankamwetulira, n'kukhala nawo pang'ono, koma wailesi ya kanema ikayamba kuonetsa masewero a timu yake yakale ankanyamuka, ati wakumbukira kanthu kunyumba. Yudelka ankamupeza kuseri kwa nyumba akumvetsera masewero omwewo pa kawailesi, mawu atatsitsa ngati akuba.

Anaisowa Florida mwa njira imene sankayembekezera. Kuwomba m'manja kwa anthu sikunali kumusowetsa tulo ayi. Ankasowa fungo la kapinga wongotchetcha kumene, phokoso la nsapato za misomali pa simenti, ngakhale khofi woipa uja. Ankasowa kutukwanana ndi anzake m'chipinda chovalira. Munthu amene wakhala moyo wake wonse akudzuka kuti akagwire mpira sadziwa chochita ndi manja ake m'mawa.

Tsiku lina anapita ku Santo Domingo osauza munthu, n'kubwerako ndi golovesi yatsopano ya pa besi yoyamba. Yudelka anaiyang'ana, n'kuyang'ana mwamuna wake.

"Mwandibweretsera mkazi mnzanga wachiwiri?"

"Uyu ndi wofatsa, muzigwirizana," anatero Eladio.

Anaipaka mafuta, kuimanga ndi chingwe mpira uli m'kati, kuimenya ndi chibakera mpaka inafewa. M'mawa uliwonse ankapita kubwalo la kumbuyo kwa tchalitchi, kumene kapinga amadyedwa ndi mbuzi, n'kumaphunzira yekha zimene Talley akanamuphunzitsa: kuponda besi ndi chidendene, kutambasuka, kutola mpira wogunda pansi. Ntchito imene ankainyoza kuti ndi ya madala inamutulutsa thukuta, ndipo anaikonda. Zimenezi n'zimene zinamupweteka kwambiri, kuzindikira kuti akanakhala wosangalala pamalo paja.

Febuluwale atakwananso, masutikesi anayamba kutuluka m'nyumba za anthu. Plinio anaima pakhomo kudzatsanzika, galimoto yopita kubwalo la ndege ikudikira pamsewu. Eladio anathamangira m'nyumba n'kutuluka ndi golovesi ija kudzanja.

"Taponya, uone," anatero. "Ponya woipa, wogunda pansi."

Plinio anatola mpira pakhonde n'kuponya. Eladio anatambasuka, mpira n'kulowa m'chikopa bwinobwino. Anaponyanso kumbali, anaugwiranso.

"Ukawauze a Talley zimene waonazi. Ukawauze kuti ndaphunzira. Sindikufuna zambiri, angondiyesa basi. Ngakhale ku timu ya ana ndipita."

Plinio anakanda m'mutu, n'kuyang'ana galimoto, n'kuyang'ana pansi.

"Achimwene, ndimafuna ndisanene. A Talley anakutchulani kale miyezi yapitayo. Anapempha akuluakulu a timu kuti mubwere, kaya kudzasewera kaya kudzaphunzitsa anyamata a pa siore. Anachita kumenya tebulo, munthu wosalankhula uja."

"Ndiye anati chiyani?"

"Sanayankhe n'komwe. Mmodzi anangotulutsa foni n'kuwaonetsa kanema uja."

Eladio anaima chilili, golovesi ili lende kudzanja. Yudelka anatuluka ndi phukusi la khofi limene anali atalongedza mwa chizolowezi, asanakumbukire kuti chaka chino m'nyumbamo mulibe wa paulendo. Analipereka kwa Plinio.

"Alamu, mukawapatse a Talley," anatero. "Mukati achokera kwa Eladio."

Galimoto inanyamuka. Eladio anatsala pamsewu akuiyang'ana mpaka inakhota pa mlatho, ndipo anakhalabe pomwepo fumbi litatha kale. Ku Florida anthu osamalira bwalo amasalaza dothi tsiku lililonse masewero akatha, moti mapazi onse amene iye anaponda pa siore anafufutika kalekale, ndipo palibe limodzi linamulondola kudzamuvutitsa. Chimene chinakwera naye ndege, n'kumadzakhala naye pakhonde mpaka lero, ndi mawu a m'mawa umodzi. Makolo athu sananame pamene anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.