Nkhuku Imene Inaweruza Nangondo

Kalekale, agogo a agogo athu asanamere ndi mano omwe, kuseri kwa phiri lina kunali mudzi waukulu ndithu. Dzina lake sindikuuzani, ana inu, chifukwa zidzukulu za anthuwo zilipo ndipo nkhaniyi imazichititsabe manyazi.

M'mudzimo munali bambo wina dzina lake Kapachika. Sanali mfumu, sanalinso sing'anga. Ntchito yake inali yoyesa imfa. Munthu akamwalira mwadzidzidzi, abale n'kumakayikira kuti wadyetsedwa, ankatenga chimene malemuyo analawa komaliza n'kupita nacho kwa Kapachika. Iye ankachipatsa nkhuku pamaso pa anthu onse. Nkhuku ikadzikung'untha n'kuyamba kupalasa, mlandu unkathera pomwepo. Ikafa, amene anaphika chinthucho ankamuperekeza kuphompho la kuphiri, ndipo kumeneko sikunkabwerera munthu.

Nkhukuyo sinkayenera kukhala ya m'mudzimo ayi. Ankati ya pakhomo wina akhoza kuitsirika, choncho Kapachika ankapita yekha kukaitenga kutali, kwa anthu osadziwa n'komwe kuti kwagwa maliro. Apa mpamene ankadzitama. "Munthu amanama, koma nkhuku sinama," ankatero uku akusisita tindevu take towerengeka. Kunena zoona sanali munthu woipa mtima. Anangokhulupirira ntchito yake mopitirira muyeso, moti mawu a wina ankalowera khutu ili n'kutulukira linali.

Chaka china, dzuwa la chilimwe likuswa mtengo, mayi wina wamasiye dzina lake Nangondo anafulula mowa wa dima kuti anthu amuthandize kusosa m'munda. Nangondo anali katswiri pa mowa, komanso anali wosasunga mawu m'kamwa. Mwezi umodzi m'mbuyomo mbuzi za Gwirize, bambo woyandikana naye nyumba, zinamudyera chimera chimene anayanika pamphasa. Iye anakuwa mudzi wonse ukumva kuti, "Inu a Gwirize, mbuzi zanuzi tsiku lina zidzakuphetsani!" Anthu anaseka, Gwirize nayenso anaseka, ndipo padima paja anafika ndi khasu lake ngati wina aliyense.

Ntchito itatha anthu anakhala pansi kumwa. Gwirize anamwera m'chipanda chake chimene ankayenda nacho paliponse. Atafika kwawo anakhala pakhonde, n'kugwira pachifuwa, n'kugwera chammbali. Dzuwa lisanalowe anali atatsirizika.

M'mawa mwake mawu aja a mbuzi sanalinso oseketsa. Pamaliro anthu ankanong'onezana za ndulu ya ng'ona, ndipo amene sanaionepo ndi amene ankaifotokoza bwino. M'chipanda muja munatsala masese, abale anachitsekera n'kukachipereka kwa Kapachika. Iye anawoloka mitsinje iwiri, madzulo n'kubwera ndi thadzi loyera. Analigoneka m'khola mwake limodzi ndi nkhuku za mkazi wake, Nachisale.

Kutacha, Nachisale anawaza gaga pabwalo, n'kuima akuyang'ana kanthawi.

"Bambo, nkhuku mwabwera nayoyi siili bwino," anatero. "Zinzake zikulimbirana gaga, iyo yangozyolika pambali."

"Yatopa ndi ulendo. Inuyo atakunyamulani chozondoka kuwoloka mitsinje iwiri, mungadye gaga?"

"Komatu ikutsinzina dzuwa lili gee. Bwanji mudikire mawa, kapena mukatenge ina? Pajatu apa pali moyo wa munthu."

"Kumeta ndi mawa," anayankha Kapachika. "Mukudziwa kuti mlandu wa magazi uyenera kutha anamfedwa asanamete, apo ayi mzimu sugona. Za m'khola n'zanu, mayi. Za pabwalo tisiyireni."

Koma mtima wa Nachisale sunakhale m'malo. Nkhuku anaweta kuyambira ali mtsikana, ndipo ankadziwa kusiyana kwa yotopa ndi yodwala.

Pabwalo panadzaza, ena kukwera m'mitengo. Akuluakulu a mudzi anakhala pamipando yawo, Nangondo anamukhazika padothi pakati.

"Mowa womwewo anamwa anthu makumi awiri," anatero Nangondo. "Si awa ali apawa? Ndani wamva m'mimba?"

"Unathira m'chipanda chake chokha," anayankha mchimwene wa malemu.

"Chabwino, ndipatseni chipandacho ndimwe ine pompano, nonse mukuona."

Anthu anang'ung'udza. Mkulu wina anapukusa mutu n'kunena kuti wothira mankhwala amadziwanso chosukulutsira chake, choncho kumwa kwake sikungatsimikize kanthu. Taonani msampha wake, ana inu. Akanakana kumwa akanati waopa, atapempha kumwa anati watsirikiratu. Kulikonse kumene akanatembenukira kunali mpanda.

Kapachika anabwera ndi thadzi lija. Analikanula mlomo, n'kulithira masese katatu, n'kuliika pansi.

Nkhuku inaima pomwe anaiikapo. Patapita nthawi mapiko anagwa n'kumakhudza dothi. Inayamba kupuma ndi kukamwa, kenako khosi linapotoka pang'onopang'ono mpaka mlomo kuloza kumwamba. Inazungulira ngati kamvuluvulu, inataya chitosi chobiriwira, n'kugwa chagada. Dzuwa lisanafike paliwombo inali itauma.

Amayi anagwira pakamwa, ena anathawa ndi ana. Pa zaka zonse za ntchito yake, Kapachika yemwe anali asanaonepo imfa yotere, ndipo mumtima anati ululu wopotola khosi chonchi ndi wa ng'ona basi.

Nangondo anayang'ana nkhuku ija nthawi yaitali ngati sakumvetsa. Kenako anakweza maso.

"A Kapachika, munandiona ndikukwawa ine. Mwana wanu woyamba ndinamubereka kumsana kuno. Lero mukundisinthanitsa ndi nkhuku?"

"Si ine ndanena," anayankha iye akuyang'ana pansi. "Yanena ndi nkhuku."

"Ine sindinaphe munthu! Pakamwa pokha ndiye ndili napo, koma sindinaphe munthu!"

Anakuwa choncho njira yonse ya kuphiri, mpaka mawu anazilala ndi mtunda. Za kuphomphoko sindinena, pakuti ndi akulu omwe amazikamba motsitsa mawu. Pa tsiku lake anamfedwa anameta, ndipo anthu anati mudzi wayera.

Panapita masiku anayi. M'mawa wa tsiku lachisanu Kapachika anadzidzimuka ndi mfuu ya mkazi wake kukhola.

"Bambo! Tabwerani mudzaone kuno!"

Tambala wawo wamkulu anali akuzungulira pabwalo, khosi litapotoka, mlomo utaloza kumwamba. M'khola munali mathadzi atatu akufa, ndipo pansi ponse panali chitosi chobiriwira.

"Ndani wazipatsa mowa uja?" anafunsa Kapachika.

"Mowa uti? Chipanda si icho chili kudenga komwe munachipachika nokha? Izi zadya gaga ndi chiswe basi."

Pofika masana mfuu yomweyo inamveka kwa oyandikana nawo, mawa lake kumapeto kwa mudzi. Kapachika sanadye kanthu. Anatenga ndodo n'kuwolokanso mitsinje iwiri ija, akupempha mumtima kuti akapeze nkhuku zikupalasa. Atalowa m'mudzi umene anatengako thadzi lija sanamve tambala ngakhale mmodzi. Makola anali pululu, nthenga zili mbwee kudzala.

"Munachita mwayi, achimwene," anatero bambo amene anamupatsa thadzi uja. "Munatenga imodzi mwa zotsala. Chitopa chatipululira khola lonse."

"Nanga bwanji simunandiuze kuti kuno kuli nthenda?"

"Munafunsa? Inu munangoti mukufuna yoyera, ndiponso kuti ndisakufunseni ntchito yake."

Kapachika anakhala pansi pomwepo. Kusamala kwake konse kuja, kotenga nkhuku kutali ndi kubisa ntchito yake, ndi kumene kunamutengetsa mboni yodwala kale. Anamva mantha amene sanawamvepo chibadwire.

Komabe kamtima kena kankamunyengerera kuti mwina nkhuku inali yodwala, inde, koma ululu unalimonso. Ana inu, munthu wolakwa amagwira ndi udzu womwe. Kapachika anafuna kudziwa. M'mawa mwake anaitana mudzi wonse pabwalo, anatsitsa chipanda chija n'kuchitsekula. Masese anali atauma. Anawakokota ndi chala n'kudya onse, osasiya ndi kambenu komwe, Nachisale akulira kuti asatero.

Anakhala padothi, pamalo pomwe anakhala Nangondo. Dzuwa linakwera, linafika paliwombo, linapendeka. Anthu sanachoke. Ena ankamuyang'ana khosi, kudikira kuti lipotoke, ndipo ndikhulupirira kuti ambiri ankalakalaka litapotoka, iye mwini poyamba. Koma palibe chinachitika. Mithunzi itatalika anadzuka ali bwinobwino, m'kamwa muli kuwawasa chabe.

"Munalibe kanthu," anatero. "M'chipandamu munalibe kanthu."

Mchimwene wa malemu anafundira nkhope m'manja. Mkulu uja amene anakaniza Nangondo kumwa anadzuka n'kuchoka osatenga mpando wake. Chimene chinapha Gwirize sichinadziwike, mwina unali mtima, mwina nthenda ina yobisika m'thupi.

Tsiku lotsatira Kapachika anakoka mbuzi yake yonenepa kupita nayo kwa mayi ake a Nangondo kukapepesa. Mayiwo anali nkhalamba yowerama, imene inali itasiya kupita kuchitsime zaka khumi zapitazo chifukwa mwana wawo ndiye ankawatungira. Anakumana nawo pakhomo akuchokera kumadzi, atasenza kamtsuko, miyendo ikugwedezeka. Kapachika anagwada.

"Mayi, ndinalakwa. Mwana wanu sanaphe munthu. Ndanena pabwalo, onse amva, dzina lake layera. Landirani mbuziyi."

Mayiwo anamuyang'ana osaphethira. Anatula mtsuko pang'onopang'ono, n'kuupendeketsa. Madzi onse anakhuthukira pafumbi lotentha lija.

"Wolani madziwa mubwezere mumtsukomu," anatero. "Ukadzadza ndilandira mbuzi yanu."

Mukuganiza kuti Kapachika anaseka? Ayi, anayesadi. Bambo wamkulu, wandevu, anakwawa pafumbi akukokolola ndi manja onse awiri. Dothi linali litamwa kale. Anakumba ndi zikhadabo, n'kufinya matope pakamwa pa mtsuko, osatuluka ngakhale dontho. Anapitiriza mpaka pamalopo panayamba kuuma iye akuona, ndipo analira mokweza ngati mwana.

"Dzina lake layera," anatero mayi aja akutola mtsuko wawo. "Nanga mawa anditungira ndani, dzinalo?"

Anatembenuka n'kuyambanso ulendo wa kuchitsime. Kapachika sanagwirenso nkhuku ya mlandu mpaka imfa yake, ndipo njira ya kuphompho inamera udzu.

Kuchokera pamenepo anthu akaona wina akuthamangira chinthu chosabwezeka ankamuuza kuti, "Madzi akatayika sawoleka." Tanthauzo lake ndi lakuti zilipo zinthu zimene zikachitika zachitika, kupepesa ndi misozi sizingazibweze. Munthu womangidwa molakwa mukhoza kumumasula, wolandidwa munda mukhoza kumubwezera, koma wophedwa mulibe pomugwira.

Ena a inu mudzakhala oweruza milandu, ena madokotala oyeza magazi ndi zidindo za zala. Zida zanu zidzaposa nkhuku ya Kapachika kutalitali, koma adzazigwire ndi munthu, ndipo munthu amatopa, amafulumira, amaiwala kufunsa. Tsono wina akadzakuwa pamaso panu kuti sanaphe, winanso n'kukunong'onezani kuti mboni yanu ikuoneka yodwala, musadzati za pabwalo tisiyireni. Dikirani tsiku lina, yesaninso, mtsuko udakali pamutu.