Maminitsi Amene Anagona M'dirowa

Lachitatu lina itatha swala ya Asiri, pemphero la chakumadzulo, Twaliki Mbalaka anafika pakhonde la mzikiti wa ku Ntaja, faelo ili kukhwapa. Anapeza Shehe Wadi Likonde, munthu wozama m'maphunziro koma wosadzimva, akusoka mkeka wong'ambika.

Twaliki ankaphunzira ntchito ya mu ofesi, ndipo sukulu yake inamutumiza ku kampani ina yogula mbewu kuti akayeserere miyezi itatu. Ubwino wa mtima wake unali wopyola muyeso. Wolowa aliyense ankamulonjera mpaka kufunsa za mbuzi zakumudzi. Wofuna fotokope, wofuna kulemberedwa kalata, onse ankatuluka akumwetulira. Koma maminitsi a msonkhano wa mabwana anagona m'dirowa milungu itatu osatayipidwa. Bwana wake anali atanena mosapsatira kuti akapanda kuwaona Lachisanu, samulembera kalata yoti wamaliza bwino, ndipo popanda kalatayo satifiketi kunalibe.

Atapatsana salamu, Twaliki anakhala pansi n'kufotokoza zonse.

"Shehe, ndabwera kuti mundichitire duwa, mundipempherere kwa Allah. Tsiku langa lilibe madalitso. Ndimafika woyamba, kuweruka womaliza, koma ntchito siyenda."

"Duwa tichita, mwananga," anatero Shehe, maso ali pa singano. "Koma tandiuza, maminitsiwo unakonza zowatayipa nthawi yanji?"

"Ndimati ndikapeza mpata."

"Nanga swala ya masana ano, ya Zuhuri, waswali?"

Funsoli linamuwawa Twaliki, pakuti pa nkhani ya swala ankadzidalira kwambiri. "Shehe, chikulireni sindinaiphonyepo."

"Ndiye kuti mu ofesi munalibe anthu."

"Analimo anayi. Ndinawauza kuti adikire."

"Anakwiya?"

"Ayi. Amadziwa kuti imeneyo ndi nthawi ya swala."

Shehe anaika singano pansi. "Ndiye kuuza anthu kuti adikire umatha bwinobwino. Mawa ukafika eyiti koloko, ukatseke chitseko, umate pepala lonena kuti utsegula teni koloko. Maola awiri amenewo ndi a maminitsi okha."

Twaliki anachita manyazi, komabe anayesa kudziteteza. "Pepani Shehe, koma anthu akanena kuti ndayamba kunyada. Munthu angatsekere mlendo chitseko?"

"Mlendo wodziwa ola lotsegulira amadikira ndi mtima umodzi," anayankha Shehe mofatsa. "Amene ukumuzunza ndi bwana wako, amene wadikira milungu itatu osadziwa tsiku. Swala zisanu suziphonya chifukwa Allah anaiika iliyonse pa nthawi yake, ndipo ikakwana umasiya zonse. Ntchito imene anakupatsa anthu ndi udindonso, uipatse ola lake. Ine ndakhala pa mzikiti uno zaka makumi anayi, mwananga, koma sindinamvepo azana yoitanira anthu ku swala pa nthawi yotchedwa 'ndikapeza mpata'."