Lufeyo Ayeza Apongozi

Lachisanu bambo Chimbalanga anaitana mkamwini wawo Lufeyo, kalipentala.

"Mawa mukapalire munda wanga wonse. Ine thupi latha, ndatsala pang'ono kufa."

Chonsecho dzulo lake anali atavina kumowa.

Loweruka m'mawa Lufeyo anabwera ndi matabwa. Anagwada mwaulemu pamphasa pomwe apongozi ankabuula, n'kuyamba kuwayeza ndi tepi, kumutu mpaka kumapazi.

"Mukuyezanji?"

"Bokosi, bambo. Kumunda ndipita ndikalimaliza. Ang'ono anu ndawauza kale, akubwera kudzaona mbuzi zanu."

A Chimbalanga anadzambatuka, n'kutola khasu, ulendo wakumunda, akupatsa moni mokweza aliyense panjira.

Lufeyo anakhoma tebulo lake pamthunzi. Madzulo apongozi atabwera ali thukuta kamukamu, anawafunsa, "Matabwa otsalawa ndikusungireni, bambo?"