Dzoole ndi Utsi wa Mkungudza

Kalekale, m'tsinde mwa phiri munali mudzi. Vomerani kuti tili tonse, ndidziwe kuti sindikulankhula ndi zitsa. M'mudzimo munali bambo wina dzina lake Dzoole, ndi mkazi wake Nankhoma.

Chaka china Dzoole anachita khungu. Linayamba diso lakumanzere, kenako lakumanja, kenako mdima wokhawokha. Koma mphuno yake, abale, ndiye inachenjera. Ali pakhonde ankadziwa za mudzi wonse ndi utsi. "Uwo ndi mombo, kwa a Nasoko atereka nyemba. Uwo ndi naphini, kumunsiku akufulula mowa. Wonunkhawo ndi mkuyu wauwisi, mlesi uja sanapitenso kunkhuni." Koma mkungudza, nkhuni zonunkhira bwino za pamwamba pa phiri, ankasonkha ndi Nankhoma yekha.

Tsidya la mtsinje kunali sing'anga wa maso. Iye anati, "Mukhale kwanga kuno miyezi itatu. Mukawoloka masiku asanakwane, mankhwala asukuluka, simudzaonanso."

Nthawiyo n'kuti Nankhoma ali ndi pathupi.

"Ndikusiyeni bwanji muli chonchi?" anatero Dzoole.

"Pitani, bambo. Dzuwa likamapendeka, mphepo ikamalowera kumeneko, ndizisonkha mkungudza. Mukamva fungo, dziwani kuti ndili bwino."

"Chabwino. Ine chondipititsa n'chimodzi, ndidzaonenso nkhope yanu."

Mwezi woyamba fungo linkabwera tsiku ndi tsiku, Dzoole n'kumaseka yekha. Mwezi wachiwiri uli pakati, m'mawa wina, mphepo inabweretsa utsi wina wolemera. Unali wa muwanga, zipika zikuluzikulu zimene ankasonkha pamaliro.

Masana ake kunabwera Kadzuwa, mchimwene wa Nankhoma, atasenza ufa.

"Alamu, ndikumva muwanga," anatero Dzoole. "Kwagwanji kumudzi?"

"Ndi nkhalamba ina ya kwa a Nasoko, alamu. Yatisiya."

"Nanga mayi akunyumba?"

"Ali gwa."

Linali bodza. Nankhoma ndiye anali atamwalira pobereka, mwana nayenso osalira n'komwe. Achibale anakhala upo nati, "Tikamuuza awoloka. Mkazi wataya kale, asatayenso maso." Anamuika Nankhoma mwamuna wake kulibe. Ndipo Kadzuwa anayamba kukwera phiri, kutola mkungudza, kusonkha dzuwa likamapendeka. Iwo ankati ndi chifundo. Ine mpaka lero mtima umandiwawa ndikamafika pamenepa.

Koma mphuno ya Dzoole sinali ya mwana. Kadzuwa atabweranso ndi ufa, Dzoole anati, "Alamu, utsiwu wachuluka. Mkazi wanga sawononga nkhuni chonchi."

"Kwazizira kumudzi, alamu."

Ulendo wina anati, "Alamu, motowu suphika kanthu. Kale utsi unkabwera ndi kafungo ka nkhwani."

"Ndi nseru, alamu. Mukudziwa za pathupi."

Ulendo wachitatu Dzoole anamugwira dzanja, osalitaya. "Alamu, masiku a mwana anakwana kale. Ngati zavuta ndiuzeni. Maso n'chiyani? Ndikamuike mkazi wanga ndi manja angawa."

Kadzuwa analira chamumtima. Misozi inali mbwembwembwe, koma wakhungu akanaiona bwanji? Anati, "Tinawerenga molakwa miyezi, alamu. Ali bwino, akupereka moni."

Dzoole anataya dzanja lija. Anakhulupirira, poti mtima wake unkafuna kukhulupirira.

Miyezi itatu itakwana, sing'anga anamasula nsalu kumaso. Dzoole anaona dzuwa, anaona nkhuku, anaona manja ake. Sanatsanzike n'komwe. Anathamanga, anawoloka, anafika pakhomo pake akuitana, "Nankhoma! Nankhoma! Tulukani ndikuoneni!"

Chitseko chinali chopiringidza ndi mtengo. Pakhonde panali patamera udzu. Kuseri kwa nyumba anapeza Kadzuwa atanjuta, akuwaza nkhuni.

Mudzi wonse unasonkhana. Anthu anangomutsogolera kumanda, mitu ili pansi, tsitsi lomwe anameta pamaliro litaphuka kale.

Dzoole anaima pa mtumbira nthawi yaitali. Kenako anawayang'ana mmodzimmodzi, nati, "Mwandisungira masowa kuti ndione chiyani?"

Anagwada kuti atape dothi, loti akanaponya m'manda tsiku loika. Nthaka inali itauma gwa. Anakanda ndi zala, anakanda, anakanda mpaka zikhadabo zinatuluka magazi. Kadothi kamene anapeza sikanadzaze n'komwe chikhatho. Anakaika pa mtumbira, nakhala pansi pomwepo, kulira ngati mwana. Wogwira naye maliro panalibe, poti anzake onse anali atalira kale n'kutonthola.

Ndiye inu mwamva. Zovuta zikagwa, muuzeni mwini wake, ngakhale pakamwa palemere. Musamusankhire munthu choti ataye ndi choti asunge, chifukwa misozi yobisiridwa imadzatuluka ali yekha.

Nthano yanga yapsa, ndaiphula pomwepa.