Enelesi ndi Pepala la Loweruka

Panali mtsikana wina, dzina lake Enelesi, amene mtima wake wonse unali pa unamwino. Anakula ndi maganyu mwana ameneyu. Sukulu ikangotsekera, iye khasu paphewa, kukalima m'minda ya eni ake kuti apeze sopo ndi makope. Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono, choncho mawu onse pa iye anali a malume ake. Malumewo anamuuza kuti, "Ukayese kamodzi, iwe. Zikakanika ubwere tizilima, pakuti m'mbuyo mwakomu muli ana enanso."

Tsono koleji imene ankafunako inkalembetsa mayeso olowera. Anthu ankachuluka, holo inali yaing'ono, ndiye ankawagawa pawiri: ena Lachisanu, ena Loweruka. Ndipo kuti a Lachisanu asakaululire anzawo, tsiku lililonse linali ndi pepala lakelake.

Msuweni wake Wedisoni, mwana wa malume aja, analemba Lachisanu. Anabwerako akuimba mluzu, manja m'thumba.

"Akazi anga," anatero, monga amachitira asuweni, "mayeso ake ndi phala la mwana, lomeza osatafuna. Ndayankha pafupifupi onse. Mawa mukakalephera musadzandilankhulenso, ine ndikwatira nesi weniweni."

"Chokani apa, amuna anga a mutu wa dzungu," anatero Enelesi akuseka. Koma mawu aja anawasunga.

Loweruka linafika. Enelesi atatsegula pepala lake, funso loyamba linali ngati chitsa chobisala m'nthaka. Lachiwiri chimodzimodzi. Analimbana nalo ndithu, apa wayankha, apa wadumpha, apa wabwerera. Pofika chapakati anaona kuti mwa mafunso amene wadutsa, wakwanitsa theka lokha. Pambali pake panali mtsikana wina wa juzi yofiira, akutafuna cholembera, misozi ili lengelenge. Kutsogoloko anthu anali atayamba kutuluka mmodzimmodzi.

Pamenepo mluzu wa Wedisoni unamveka m'mutu mwake. Anati mumtima, mnzanga wayankha pafupifupi onse, ine theka, malo ndi ochepa, ndikudzivutitsiranji? Anatseka pepala lija, tsamba lomaliza osalitembenuza n'komwe. Anapereka, natuluka, nthawi ikadalipo yambiri.

Patapita nthawi maina a opambana anamatidwa pakhoma la kolejiyo, ndipo Enelesi anaperekeza msuweni wake kukaona. Dzina la Wedisoni linalipo, kumunsi kwenikweni, ngati la munthu amene wadumphira lole itanyamuka kale. Lake panalibe, ndipo zimenezo sizinamudabwitse. Chinamudabwitsa ndi mtsikana wa juzi yofiira uja, akudumphadumpha, chala chili pa dzina lake, pamwamba pa la Wedisoni.

"Achemwali," anatero Enelesi, "inu si munkalira tsiku lija?"

"Ndinalira, eya! Ndinangodutsa theka pang'ono. Koma ndinakhala mpaka belu. Tsamba lomaliza lija linali lofewako, mwaiwala?"

Enelesi anatembenuka. Chapafupi panaima mphunzitsi wa pakolejipo, mayi wachikulire wa mandala, ndipo iye anawayandikira atapinda manja.

"Mayi, pepani, ndifunse nawo. Zitheka bwanji wa theka kukhala pamwamba pa munthu amene anayankha pafupifupi onse?"

"Analemba masiku osiyana, si choncho?" anatero mayiwo. "Mwana wanga, ife sitingowerenga mayankho ayi. Timayamba tayeza mapepalawo. Pali mafunso angapo amene timaika m'mapepala onse awiri. Pa amenewo, a Lachisanu ndi a Loweruka anakhoza mofanana. Tinadziwira pomwepo kuti mitu ya anthu ndi yofanana, cholimba ndi pepala la Loweruka. Zikatero timasintha muyeso. Wa pepala lofewa ayenera kukhoza mafunso ambiri kuti apeze malikisi amene wa pepala lolimba apeza ndi ochepa. Sitikondera munthu. Tikungofuna kuti tsiku lisamusankhire munthu mwayi."

Enelesi anathokoza. Chimene chinamuwawa n'chakuti nkhaniyi sinali yachilendo kwa iye. Ankaidziwa kuyambira ali mwana. Mwini munda wachilungamo akamadula ndime ya ganyu ndi nsungwi yake yoyezera, pamchenga amadula yaitali, pamiyala kapena pa kapinga amadula yaifupi, malipiro n'kukhala amodzi. Enelesi mwiniwake anakanganapo ndi anthu pa zimenezi, kuwauza kuti bambo, apa m'polimba, chepetsani. Kumunda ankadziwa kuti nthaka imasiyana. M'holo muja anaiwala.

Pobwerera kwawo Wedisoni sanaimbe mluzu, sanaponye nthabwala. Anangomunyamulira chikwama. Malume aja anamva zonse, nagwedeza mutu, koma mawu awo sanasinthe, pakuti ana ena aja analipodi m'mbuyo.

Mvula itayandikira, Enelesi anabwerera ku maganyu. Tsiku lina mwini munda anamudulira ndime paphiri, pamiyala yokhayokha. Inali yaifupi. Kumunsi, pamchenga, anzake anali kuthamanga ndi mizere uku akuimba. Iye sanacheuke. Analima mwala ndi mwala mpaka anafika pamene panazikidwa nsungwi.

Tsono inu amene mukumva, makamaka inu ana amene mukupita kukalemba: pepala likalimba, lalimbira onse amene alilandira, si inu nokha. Musayeze ndime yanu ndi mluzu wa mnzanu amene walima pamchenga. Woyeza amadziwa pamene pali miyala, ndipo adzakuchepetserani. Chimene sangathe ndi kuyeza mzere umene simunalime. Khalani mpaka belu, ndipo tembenuzani tsamba lomaliza.